Mmene mungatolere ndi kulemba ma orchid a m'nkhalango zathu

Amene munadyako chinaka, chija anzathu a ku Zambia amati chikanda, munadya orchid. Timbatata tija amayi amasinja n'kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka kugwirana ngati nyama, timakumbidwa pansi pa maluwa a mtundu umenewu. M'Malawi muno muli mitundu ya ma orchid yoposa 400, ndipo pa Nyika pokha pali yoposa 200. Ena amamera m'madambo ndi m'maudzu a pamwamba pa mapiri. Ena amakakamira pa nthambi za mitengo m'nkhalango zowirira za ku Mulanje, Zomba, Ntchisi ndi ku Misuku, mizu yawo osalawa dothi n'komwe. Koma nkhwangwa ya makala, moto wolusa ndi khasu sizikugona. Chigwa chikapsa kapena chikalimidwa munthu asanalembe zomwe zimameramo, palibenso adzadziwe chimene tataya.

Malangizo awa ndi a mphunzitsi, mwana wasukulu, mlangizi wa zankhalango, kaya aliyense amene mtima wake uli ku zomera. Ndineneretu kuti ntchitoyi ndi ya pensulo kuposa khasu. Masiku ambiri mudzatsika phiri kope litadzaza, chikwama chili pululu, ndipo tsiku lotero musaliyese lotayika.

1. Chilolezo kaye, kenako kwa amfumu

Nkhalango zotetezedwa monga ya Zomba, ya Ntchisi ndi phiri la Mulanje zili m'manja mwa nthambi ya zankhalango. Nyika ili m'manja mwa nthambi yoona za nyama zakutchire. Kuthyola kapena kuzula chomera m'malo amenewa wopanda kalata ndi mlandu, ngakhale cholinga chanu chikhale chabwino chotani. Ngati simukudziwa poyambira, pitani ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo limasunga zitsanzo zouma za zomera za dziko lino. Afotokozereni komwe mukufuna kupita, akuuzani makomo oyenera kugogoda. Za kutumiza kunja musazitenge mopepuka: ma orchid onse ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, choncho ngakhale chitsanzo chouma cha kutchire sichidutsa malire popanda chikalata chake.

Kalata ya boma ikakhala m'thumba, kaonekerenibe kwa amfumu a mudzi woyandikana ndi nkhalangoyo. Mitengo ikuluikulu yomwe yatsala m'midzi yambiri ili kumanda, kudambwe ndi m'malo a nsembe, ndipo ndi mitengo yomweyo imene ma orchid amaikonda. Mlendo salowa m'malo otere mwa yekha. Akakukanizani, mwakanizidwa. Pemphaninso munthu wa pamudzipo kuti akutsogolereni, ndipo mugwirizane za malipiro ake musananyamuke. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: iye akudziwa pomwe pali phompho, pomwe pamawothera dzuwa mphiri, ndi dambo lomwe limachita maluwa mvula ikakhazikika.

2. Nthawi yopita

Ma orchid ambiri a pansi amachita maluwa m'dzinja, kuyambira December mpaka March. Pa Nyika, January ndi February ndiyo miyezi yake yeniyeni. Walira mvula walira matope, ndiye konzekerani misewu yoterera ndi chifunga. Koma si onse amadikira mvula. Ma Eulophia ena amatulutsa maluwa tchire litangopsa, masamba asanaphuke. Ansellia africana, uja wa maluwa achikasu a mawangamawanga ngati kambuku amene amamanga chitsamba chachikulu m'mphanda za mitengo, amachita maluwa m'miyezi yopanda mvula. Malo amodzi muyenera kuwayendera kangapo pa chaka kuti munene kuti mukuwadziwa.

3. Za m'chikwama

Kope lachikuto cholimba ndi mapensulo angapo (inki imasungunuka ikanyowa), rula, kagalasi kokuza zinthu ka 10, mpeni wakuthwa, foni yojambula bwino yokhala ndi GPS, timapepala tolimba tomangirira ndi ulusi, majumbo, timabotolo totseka bwino ta sipiriti, ndi nyuzipepala zakale zambiri. Chopsinjira mutha kukhoma nokha: mafelemu awiri a timatabwa topingasa, masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi, makatoni odula muyezo womwewo, ndi mphira za tchubu cha njinga zomangira. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali chifukwa cha nkhupakupa, linthumbu ndi chitedze.

4. Kodi ndi orchid ameneyu?

Gwadani pansi mulione duwalo pafupi. Lili ndi timasamba 6, titatu takunja ndi titatu tamkati. Mwa tamkatito kamodzi kamasiyana ndi tinzake, nthawi zambiri kamakhala pansi ngati mlomo wotambasuka poterapo tizilombo. Pakati pa duwa simupeza tiulusi tambirimbiri ta mungu ngati m'maluwa ena, koma kachitsa kamodzi komwe kaphatikiza chachimuna ndi chachikazi. Mungu wake si ufa. Lowetsani kaudzu kowonda m'duwa limodzi n'kukatulutsa pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri katuluka katamatirira timibulu tachikasu. Ndi mmene kachilombo kamanyamulira mungu wonse ulendo umodzi.

Ambiri ali ndi kamchira kobooka kuseri kwa duwa, momwe mumakhala timadzi totsekemera. Kamchira kameneka kakuthandizani kwambiri. Satyrium ali ndi timichira tiwiri totsika kuchokera ku kachipewa ka pamwamba pa duwa. Disa ali ndi kamodzi kotuluka kuseri kwa kachipewako. Habenaria amakonda kukhala wobiriwira kapena woyera, kamchira kake kakulendewera pansi pa mlomo. Mitundu itatu imeneyi ndi imene imakumbidwa kwambiri kukapanga chinaka.

A m'mitengo muwadziwa ndi mizu yonenepa, yotuwa, yansonga yobiriwira, yoyanga pa khungwa kapena yolendewera m'malere. Mizuyi ikanyowa imabiriwira. Bulbophyllum amaoneka ngati tianyezi tating'ono tondandalikana pa kansinga koyanga, kalikonse kali ndi tsamba limodzi kapena awiri pamutu. Musawasokoneze ndi zomera zija anyamata amapangira ulimbo, zomwe zimaboola nthambi n'kumayamwa madzi a mtengo. Orchid sayamwa kanthu mu mtengo. Iye wangopempha pokhala, chakudya chake ndi mvula, nkhungu ndi zinyalala zowolera pa khungwa.

Musathamangire kutchula dzina lonse la chomera muli kutchire. Mukalemba kuti "Disa, sindinamudziwe mtundu" mwachita bwino kuposa kulemba dzina longoganizira, lomwe ena adzalikopera kwa zaka zambiri.

5. Kope

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo lembani muli pomwepo, chomera chili pamaso panu. Za "ndikalemba madzulo" zimatha ndi kusokoneza dambo la m'mawa ndi la masana.

Chomera chilichonse chipatseni nambala yakeyake. Yambani ndi 1 ndipo muzingopitiriza moyo wanu wonse, osayambiranso chaka chikasintha kapena kope likatha. Dzina lanu ndi nambalayo ndi zomwe zidzalumikize kope, zithunzi, chitsanzo chouma ndi kabotolo. Kenako lembani tsiku, mwezi m'mawu osati m'manambala, ndi chaka. Lembani boma, mfumu yaikulu ya deralo, mudzi, dzina la phiri kapena mtsinje, ndi mmene munthu angafikire pamalopo kuchokera pa chinthu chosasuntha monga mlatho kapena mathithi. Manambala a GPS ndi kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere akopereni m'kope, musangowasiya m'foni. Foni imagwera m'madzi.

Fotokozani malowo. Ndi dambo lonyowa, thanthwe la ndere, nkhalango yowirira ya m'mbali mwa mtsinje, kapena tchire la mombo ndi msuku? Pali mthunzi kapena dzuwa? Panapsa chaka chino? Ng'ombe zimadyapo? Pali maenje a okumba chinaka? Ngati chomeracho chili mu mtengo, lembani dzina la mtengowo, kaya ndi mkuyu, mbawa kapena mkungudza, kutalika kwake kuchokera pansi, ndiponso ngati chili pa thunthu, pa mphanda kapena ku nsonga za nthambi. Werengani kuti zilipo zingati, zamaluwa zingati, zopanda maluwa zingati.

Mukatero lembani zonse zomwe zidzatayike chomera chikauma. Mtundu wa duwa, kaya kufiira kaya kuyera, ndiwo woyamba, chifukwa maluwa ambiri a orchid akauma amada ngati fodya. Musangoti "lofiira". Nenani kuti kachipewa n'kofiira ngati phwetekere wakupsa, mkati muli timadontho, mlomo ndi wotumbuluka. Nunkhizani. Ena amanunkhira bwino, ena ngati chinthu chowola, ena samveka kanthu masana. Ma Aerangis oyera aja amayamba kununkhira dzuwa likamalowa, pofuna kuitana agulugufe ouluka usiku, ndiye ngati mwagona pafupi bwererani madzulo mukanunkhizenso. Yezani msinkhu wa chomera, kukula kwa tsamba, kukula kwa duwa, ndi kutalika kwa kamchira. Muyezo wotsirizawu musauderere. Mu 1862 Charles Darwin ataona orchid wa ku Madagascar wotchedwa Angraecum sesquipedale, wa kamchira kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti kuyenera kukhala gulugufe wa lilime lotalika chimodzimodzi. Gulugufeyo anadzalembedwa ndi akatswiri mu 1903. Mukaona kachilombo katera pa duwa, khalani phee, mulembe nthawi ndi maonekedwe ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funsaninso eni dera, ndipo mulembe dzina la chomeracho m'chilankhulo chomwe alitchulira. Tsiku lina ndili chogwada m'dambo, ndikulimbana ndi kagalasi kanga, anandipeza mayi wina wachikulire, kakhasu kali paphewa.

"Mwataya chiyani pamenepo, bambo?"

"Sindinataye kanthu, amayi. Ndikuona duwali. Kodi inu mumalitcha chiyani?"

"Chinaka chimenecho, koma chachimuna. Sichigwira bwino mumphika. Chachikazi chili uko, kumunsi kwa chulu."

Ananditengera komweko, n'kundionetsa mtundu wina womwe ndinaupitirira m'mawa womwewo osauona. Anandiuzanso kuti ali mtsikana ankadzaza dengu asanafike pa chulupo, pamene lero amayenda mpaka kuseri kwa phiri. Mawu amenewo ndinawalemba pansi pa nambala ya chomeracho mmene anawanenera. Palibe rula imene ikanandiyezera zimenezo.

6. Zithunzi

Chithunzi choyamba chikhale cha tsamba la kope pomwe pali nambala, kuti zithunzi zonse zotsatira zidziwike mwini wake. Kenako jambulani malo onse, chomera chonse rula ili pambali, masamba ndi mmene akhalira pa tsinde, duwa chakumaso, duwa cham'mbali kuti kamchira kaoneke, ndi duwa chakumbuyo. Anthu ambiri amajambula chakumaso chokha chifukwa ndiko kokongola, koma katswiri amafuna cham'mbali. Kukachita mitambo zithunzi zimatuluka bwino kuposa padzuwa lowala. M'nkhalango ya mdima gwiritsani tochi cham'mbali ndipo muike kope kuseri kwa duwa kuti foni isamaone masamba akutali.

7. Kutenga kapena kusiya

Musanatulutse mpeni, dziwani mmene chomerachi chimavutikira kuti chifike pomwe mwachipezapo. Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo zilibe kamba wa chakudya ngati nyemba kapena chimanga. Kuti njere imere, iyenera kugwera pomwe pali tiulusi ta bowa woyenerana nayo, womwe umaidyetsa. Mwa njere zikwizikwi zimamera zowerengeka, ndipo zimatenga zaka kuti zichite maluwa. N'chifukwa chake ma orchid a m'dambo ozulidwa n'kukabzalidwa pakhomo nthawi zambiri amangofa. A mtundu wa chinaka amadya kambatata kakale chaka chilichonse n'kupanga katsopano ka chaka chamawa. Mukachotsa katsopanoko, mwapha chomera chonse.

Lamulo lomwe otolera zomera ambiri amatsata ndi ili: ngati simukuona zomera zosachepera 20 za mtundu umodzi pamalopo, musatenge chathunthu. Zikakhala zochepa, zithunzi ndi maluwa awiri a m'kabotolo zakwana. Chikakhala chimodzi chokha, ine sindithyola ngakhale duwa.

Zikakhala zambiri ndipo kalata yanu ikulola, kwa a pansi dulani phesi la maluwa pamodzi ndi masamba angapo, mbatata muisiye. Mukafuna kuona maonekedwe ake, fukulani mbali imodzi ndi chala kapena kamtengo, jambulani, yezani, kwirirani n'kutsendera. Kwa a m'mitengo yambani mwayang'ana pansi. Mphepo ikawomba usiku, nthambi zothyoka zimagwa zitasenza ma orchid omwe simukanawafikira, ndipo amenewo akanafera pansi pomwepo. Pa chitsamba chamoyo dulani kachigawo ka m'mphepete kokhala ndi mizu, timibulu tonga tianyezi tija tiwiri kapena titatu, masamba ndi maluwa, chotsalacho chipitirize kukula. Mtengo wa ndere wonyowa musakwere. Mukangodula, mangirirani kapepala ka nambala nthawi yomweyo.

8. Kabotolo ka sipiriti

Duwa la orchid likapsinjidwa limaphwanyika, ndipo tizigawo tomwe timasiyanitsa mitundu sitionekanso bwino. Choncho maluwa awiri kapena atatu aikeni m'kabotolo ka sipiriti wosungunula: magawo 70 mwa 100 akhale sipiriti, otsalawo madzi oyera, ndi timadontho ta glycerine kuti maluwa asaume gwa sipiriti akauluka. Funani sipiriti woyera ngati madzi, chifukwa wapepo uja amadetsa maluwa. Nambala ilembeni ndi pensulo pa kapepala n'kukaponya mkati mwa botolo momwemo. Zolemba kunja zimafufutika sipiriti akadontha. M'botolomo mtundu wa duwa umachoka m'masiku ochepa, koma maumbidwe ake amakhala zaka.

Ngati a ku herbarium akupemphani zoyezera DNA, dulani tizidutswa ta tsamba lanthete, tating'ono ngati chikhadabo, muike m'kaenvelopu kopyapyala n'kutsekera m'kajumbo ka silica gel wambiri, timikanda tija timayamwa chinyezi.

9. Kupsinja ndi kuumitsa

Psinjani tsiku lomwelo. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ulendo wina mvula ya mvumbi inagwa masiku atatu osakata, ndipo ndinasiya zitsanzo m'majumbo poganiza kuti ndidzapsinja kukacha bwino. Pomasula ndinapeza maluwa atasungunuka, masamba atada bii, chuku chili mbuu. Mwa zitsanzo 14 ndinapulumutsa 3. Zomera zimene zija ndinazidula pachabe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsegulani nyuzipepala yopinda pakati, lembani nambala pakona, yalani chomera. Tembenuzani tsamba limodzi kuti kunsi kwake kuoneke. Phesi likatalika kuposa pepala, lipindeni ngati chilembo cha V kapena N, musalidule n'kutaya. Maluwa ena ayang'ane kumwamba, ena cham'mbali, osasanjikizana. Tsekani nyuzipepalayo, ikani katoni pamwamba, kenako chitsanzo china, katoni ina, mpaka zonse zitatha, n'kumanga ndi mphira zolimba.

Vuto la ma orchid ndi lakuti safa msanga. Zomera zomwe zinazolowera kupirira chilimwe pa nthambi youma zimatha kukhala zamoyo m'chopsinjira milungu ingapo, zikuyoyola masamba, zina mpaka kuphuka. Ndiye timibulu tonenepa ndi mbatata zing'ambeni pakati m'litali n'kukombamo zamkati. Masamba okhuthala ndi matsinde aviikeni m'madzi owira kwa kamphindi, maluwa okha asalowe m'madzimo, kenako pukutani bwino musanapsinje.

Masiku atatu oyamba sinthani nyuzipepala tsiku ndi tsiku, ndipo zonyowazo muziyanike kuti zigwirenso ntchito. M'dzinja dzuwa lokha silikwanira. Imikani chopsinjira cham'mbali pa thandala, mabowo a makatoni ataloza kumwamba, ndipo pansi pake, pa mtunda wa mita imodzi, ikani mbaula ya makala ongonyeka opanda lawi. Mpweya wofunda uzikwera kudutsa m'mabowomo. Kutentha kwake kukhale koti dzanja likhoza kupirira. Kukapitirira apo mukuphika ndiwo. Musachoke kapena kugona mbaula ili pansi pa mapepala, ndipo chitirani zimenezi pakhonde kapena podutsa mphepo, osati m'chipinda chotseka. Madzulo alionse kungani mphira chifukwa mtolo umaphwa.

Chitsanzo chauma ngati chalimba, sichiwerama mukachinyamula, ndipo sichizizira mukachikhudzitsa pa tsaya. Mukatero chitsekereni m'jumbo n'kuchiika mufiriji youmitsa madzi kwa sabata yathunthu kuti tizilombo ndi mazira ake zife.

10. Chikalata, ndi pakamwa panu

Chitsanzo chilichonse chilembereni chikalata chake, pokopera zonse za m'kope: dzina lanu, nambala, tsiku, malo, GPS, kutalika kwa malo, mtundu wa nkhalango, maonekedwe a duwa, fungo, dzina la eni dera ndi ntchito yake. Musamate chitsanzocho ndi selotepi kapena guluu wa m'sitolo. Chisiyeni m'nyuzipepala yake, a ku herbarium ali ndi mapepala awo omatira omwe sawonongeka msanga. Kaperekeni ku Zomba pamodzi ndi timabotolo, zithunzi ndi fotokope ya chilolezo. M'nyumba mwanu zidzangodyedwa ndi mphemvu ndi njenjete, pamene kumeneko wophunzira wa zaka 50 zikubwerazi adzazipeza.

Manambala enieni a GPS apite ku herbarium ndi kwa omwe anakupatsani chilolezo basi. Malonda a chikanda anakula moti timbatata timadutsa malire a Tanzania, Zambia ndi Malawi m'matumba, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe dziko la Tanzania linasandutsira phiri la Kitulo kukhala malo otetezedwa mu 2005 chinali kupulumutsa ma orchid ake. Palinso ena osaka a m'mitengo kuti akagulitse kwa okongoletsa pakhomo. Mukaika chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, tchulani boma lokha. Kumbukirani kuti foni imabisa manambala a malo mkati mwa chithunzi, ndiye achotseni musanatumize kwa munthu. Pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zomera ndi nyama, pali posankha kuti malo asaoneke enieni, sankhani pamenepo.

Dzina lenileni la chomera likhoza kuchedwa miyezi. Likabwera, lilembeni m'kope pafupi ndi nambala yake, pamodzi ndi dzina la yemwe wachizindikira ndi chaka. Tsukitsani zithunzi zingapo mukapereke kwa amfumu ndi kwa amene anakutsogolerani, maina a m'deralo ndi a sayansi atalembedwa kuseri. Chaka chamawa, sabata yomweyo, bwererani pa dambo lomwelo ndi kope lomwelo, muime pomwe munaima, muwerengenso zamaluwa, zopanda maluwa ndi maenje atsopano, n'kulemba manambalawo pansi pa a chaka chino.